Jekeseni amene sanafunsidwe pachipata: lipoti la mkaidi wodwala schizophrenia ndi TB

Lipotili ndi la bambo wa zaka 31 amene analowa m'ndende mutu uli bwinobwino, koma patatha masabata 11 anapezeka akuyesa kudzipha ali m'selo ya yekha. Ife achipatala amene tinamuthandiza tachotsamo zonse zimene zingamudziwitse, ndipo masabata tikuwawerenga kuyambira tsiku limene analowa. Matenda ake ndi odziwika bwino, mankhwala amene anamuthandiza ndi akalekale ndiponso opezeka m'mayiko ambiri. Chimene chinatsala pang'ono kumupha ndi kudukaduka kwa chithandizo. Chinaduka pachipata cha ndende, chinadukanso m'selo ya chilango, kenako pakati pa zipinda ziwiri za chipatala chimodzi zimene sizinkauzana kanthu.

Mmene analowera

Bamboyu anamangidwa pa mlandu wakuba. Anagona m'chitolokosi cha apolisi masiku 4, ndipo khoti linalamula kuti adikire mlandu wake ali pa limandi. Tsiku lolowalo namwino anali ndi anthu atsopano oposa 20 oti awaone maselo asanatsekedwe. Pa fomu yake panalembedwa kuti akulemera 59 kg, sakutsokomola, alibe zilonda, akulankhula zomveka. Atafunsidwa kuti "Kodi mukumwa mankhwala alionse?" anati ayi.

Sananame. Anali atadwala schizophrenia, matenda osokoneza mutu, kwa zaka 6, koma kwa zaka 4 zomalizazo sankamwa mapiritsi. Ankabayidwa jekeseni wa fluphenazine decanoate 25 mg pathako, kamodzi pa masabata 4, ndipo womaliza anamulandira kutatsala masabata awiri kuti amangidwe. Mankhwalawa amasakanizidwa ndi mafuta, amakhala mu mnofu n'kumalowa m'magazi pang'onopang'ono. Choncho munthu amene waphonya jekeseni amaonekabe wabwino kwa masabata ambiri. Akamayamba kusintha, aliyense amakhala ataiwala kale za tsiku lolowa lija, ndipo kusinthako kumaoneka ngati mwano umene munthuyo wauphunzira m'ndende momwemo.

Funso la "kumwa" limasiya kunja onse a jekeseni. Pachipata pamafunika mafunso osiyana, ofunsidwa limodzilimodzi: "Munayamba mwabayidwapo jekeseni wa mwezi ndi mwezi?" "Munagonekedwapo m'chipatala chifukwa chosokonezeka mutu kapena kusagona masiku ambiri?" "Munayesapo kudzivulaza kapena kudzipha?" "Mowa munamwa liti komaliza, nanga mukausiya thupi limanjenjemera?" Malo ofunsira nawonso ndi nkhani. Bamboyu anafunsidwa ataima pamzere, msilikali wa ndende ali pambali pake, akaidi anzake ali kumbuyo. Pamalo otere palibe amene angavomere kuti anadwalapo mutu, chifukwa akudziwa kuti dzina limene angapatsidwe usiku womwewo lidzamutsata mpaka tsiku lotuluka. Patapita nthawi anatiuza yekha kuti akanafunsidwa za jekeseni ali awiriwiri ndi namwino, akanayankha.

Malamulo a Nelson Mandela, amene bungwe la United Nations linavomereza mu 2015, amanena pa lamulo 30 kuti aliyense wolowa m'ndende aonedwe ndi wachipatala mwamsanga, ndipo amatchula mwachindunji kuzindikira chithandizo chimene akufunika ndi kumupatsa, chiopsezo chodzipha, ndi zizindikiro za kusiya mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Anthu otere si owerengeka. Kafukufuku wa Fazel ndi Danesh wa mu 2002, amene anaphatikiza mafukufuku 62 okhudza akaidi pafupifupi 23,000, anapeza kuti pafupifupi akaidi 4 pa 100 alionse ali ndi matenda osokoneza mutu a gulu la schizophrenia, ndipo 10 mpaka 12 pa 100 ali ndi matenda aakulu okhumudwa. Ndende ya anthu 1,000 iyembekezere odwala ngati bamboyu pafupifupi 40. Chipatala cha ndende chimene m'kaundula wake muli odwala 5 okha chidziwe kuti enawo sichinawapeze.

Masabata 7 mpaka 11

Zimene zinachitika m'nyengoyi tinazimva pambuyo pake kwa akaidi a m'selo yake. Cha m'sabata ya 7 anasiya kugona. Ankaima pafupi ndi chitseko usiku wonse, khutu litagunda pachitsulo. M'sabata ya 8 anayamba kupatsa anzake chakudya chake, ndipo palibe amene anadandaula, poti m'selo yodzaza munthu wosadya amakhala mdalitso kwa oyandikana naye. M'sabata ya 9 ankalankhula yekha, ndipo kawiri sanaime pamzere nthawi yowerenga akaidi. M'sabata ya 10 nyapala wa seloyo, mkaidi woyang'anira anzake, anamukoka kuti achoke pachitseko, iye n'kumumenya chibakera kumaso.

Anamuika m'selo ya chilango, yekha, wachipatala asanamuone. Anakhalamo masiku 9. Masikuwa sanafike 15 amene Malamulo a Mandela amati ndiwo malire otsekera munthu payekha, koma malamulo omwewo amanenanso zina zitatu zimene zinaphwanyidwa. Lamulo 39 limati asanalange mkaidi, akuluakulu a ndende aganizire ngati matenda a maganizo ndiwo amuchititsa cholakwacho. Lamulo 45 limaletsa kutsekera payekha munthu wa vuto la maganizo ngati kutero kungakulitse vutolo. Lamulo 46 limati wachipatala azimuona tsiku lililonse. M'masiku 9 aja anaonedwa kawiri, kudzera pakabowo ka chitseko, ndipo m'buku munalembedwa kuti "ali phee".

Kwa munthu amene akumva mawu a anthu amene palibe, selo ya yekha imakulitsa matenda m'njira zodziwika. Pakakhala palibe phokoso lina, mawu a m'mutu amamveka kwambiri ndipo palibe chowadodometsa. Usana ndi usiku zimasokonekera, tulo n'kutheratu. Chachikulu n'chakuti selo imatsimikizira munthu zimene akuopa. Bamboyu ankakhulupirira kuti pali anthu amene akufuna kumupha ndi poizoni. Tsopano anali atachotsedwa pakati pa mboni, ndipo chakudya chinkalowa pakabowo kuchokera m'dzanja la munthu amene sakumuona nkhope. M'maganizo ake chinali chizindikiro chakuti nthawi yakwana. Usiku wa tsiku la 9 msilikali woyendera maselo anamupeza akuyesa kudzimangirira, anamunyamula thupi kuti khosi lipepukidwe, n'kuitana anzake.

Zimene tinapeza pomuyeza

Choyamba chinali khosi, osati mutu. Munthu amene wadzimangirira akhoza kuoneka bwino kenako n'kutupa kummero patapita maola angapo. Tinaona ngati mawu asasa, ngati akumeza malovu movutikira, ngati akupuma mwaphokoso, ngati msana wa pakhosi ukupweteka, ndiponso ngati mikono ndi miyendo ili ndi mphamvu. Panali mzera wofiira pakhungu basi. Anayezedwabe ola lililonse kwa maola 24.

Kutentha kwa thupi kunali 36.8, mtima unkagunda ka 96 pa mphindi, kuthamanga kwa magazi 118/74, shuga 4.9 mmol/L. Sikelo inaonetsa 52 kg, kusonyeza kuti wataya 7 kg. Milomo inali youma. Khosi silinali lolimba, ndipo maso sanali achikasu. Magazi sanaonetse malungo, HIV kapena chindoko. M'matako onse awiri munali timibulu tolimba mkati mwa mnofu, tofanana ndi timene timatsala munthu akabayidwa jekeseni wa mafuta kwa zaka zambiri. Timibuluto ndi timene tinachititsa kuti afunsidwe funso limene linaphonyedwa pachipata. Anagwedeza mutu kuvomera, n'kutchula tsiku la mwezi limene ankapita kukabayitsa.

Kusiyanitsa schizophrenia ndi kusokonezeka kwadzidzidzi kochokera ku matenda a m'thupi, kumene madokotala amati delirium, sikufuna makina. Wa delirium amasokoneza malo ndi nthawi, satha kusunga maganizo pa chinthu chimodzi, amasinthasintha pakati pa kuwodzera ndi kulusa, ndipo kawirikawiri amaona zinthu zimene palibe. Bamboyu ankadziwa kumene ali, mwezi, ndi tsiku la mlandu wake. Anatchula masiku a pa sabata chobwerera m'mbuyo osaphonya. Sankaona zachilendo, koma ankamva mawu a amuna awiri akukambirana za iye, ndipo mmodzi ankamulamula kuti adziphe "asanamupeze". Za mowa sitinataye nazo nthawi. Kunjenjemera kwa wosiya mowa kumayamba pakati pa maola 6 ndi 24, ndipo kusokonezeka kwake koopsa kumabwera pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi, osati patatha masabata 11. Chamba chimalowa m'ndende zambiri ndipo chikhoza kudzutsa matendawa. Iye anakana kuti sanasute, ndipo anzake a m'selo anamuikira umboni.

Atalola, tinaimbira foni mlongo wake, amene anatiuza chipatala chimene ankabayitsa. Achipatalacho anatsimikiza dzina la mankhwala, mlingo, ndi tsiku la jekeseni womaliza. Ntchito yonseyi inatenga mphindi zosakwana 30.

Pakuyezaku panalakwika chinthu chimodzi. Kuwonda kwakeko kunatengedwa kuti n'chifukwa chokana chakudya, ndipo poti sankatsokomola, sanajambulidwe pachifuwa. M'ndende, mmene TB imafala kwambiri kuposa kunja, kuwonda pakokha n'chifukwa chokwanira chofufuzira.

Kumuteteza ndi kuyamba mankhwala

Anasamutsidwira kuchipinda cha odwala, ndipo kwa maola 72 oyamba panali munthu womuyang'ana nthawi zonse. Pambuyo pake ankamuona pasanathe mphindi 15 zilizonse, koma nthawi yake yosinthasintha kuti asaiwerengere. Zingwe, malamba ndi zinthu zakuthwa zinachotsedwa m'chipindamo. Asilikali ena anafuna kuti avulidwe zovala zonse ndi kulandidwa bulangete. Tinakana. Munthu amene akukhulupirira kuti akuzunzidwa mukamuvula pagulu mwamuwonjezera chifukwa chofunira kufa. Akaidi awiri odekha, amene iye anawavomera, anagona naye chipinda chimodzi. Akaidi otere amathandiza kwambiri, amaona zimene ogwira ntchito saona, koma salowa m'malo mwa msilikali kapena namwino, ndipo asamapatsidwe mankhwala a mnzawo kuti asunge.

Tsiku lililonse ankafunsidwa mosazungulira: "Bambo, maganizo odzipha aja lero abwera? Mawu aja akuti chiyani?" Kufunsa sikubzala ganizolo mwa munthu. Kwa bamboyu linali funso loyamba m'masabata ambiri limene linasonyeza kuti wina akukhulupirira kuti akuvutikadi.

Asilikali anauzidwa zokhazo zofunika pa ntchito yawo: kuti akudwala, kuti ali pachiopsezo chodzipha, ndi zizindikiro zimene akaziona aitane achipatala. Zimene mawu aja ankanena zinatsala m'faelo yachipatala, imene lamulo 26 limati isungidwe mwachinsinsi.

Munthu wodwala chonchi malo ake ndi chipatala cha matenda a maganizo, ndipo lamulo 109 limanena zomwezo. Kalata yopempha kuti asamutsidwe inalembedwa tsiku lachiwiri. Poti anali pa limandi panafunika chilolezo cha khoti, ndipo chinatuluka patatha masabata 5, iye atayamba kale kupeza bwino. Tikuonabe kuti anayenera kupita sabata yoyamba yomweyo, chifukwa masiku oopsa kwambiri anawathera pamalo pamene usiku sipakhala dokotala.

Pa mankhwala, panali haloperidol ndi chlorpromazine. Chlorpromazine amatsitsa kuthamanga kwa magazi munthu akadzuka, zimene n'zoopsa kwa munthu wowonda ndi wouma thupi, komanso amalemetsa chiwindi. Tinasankha haloperidol 5 mg madzulo, ndi diazepam 10 mg usiku kwa masiku 5 okha. Jekeseni wake wakale panalibe m'nkhokwe, ndipo ngakhale akanakhalapo, amachedwa kuyamba kugwira ntchito moti sangadaliridwe yekha pa matenda amene abuka kale. Anauzidwa kuti, "Bambo, piritsili ndi la gulu limodzi ndi jekeseni munkalandira uja. Likuthandizani kugona, ndipo mawu aja ayamba kuchepa." Anavomera atapempha kuti aone piritsilo likutulutsidwa m'paketi yosatsegula. Pempho lotere musalikane. Za chakudya njira inali yomweyo: ankadya mbale imodzi ndi mnzake amene ankayamba kulawa.

Usiku wa tsiku lachitatu anakuwa kwambiri, ndipo wachipatala wogwira usiku anakweza haloperidol kufika 10 mg. Mawa lake masana khosi linapindikira kumanzere, lilime linatuluka, maso anatembenukira kumwamba. Ena anati ndi khunyu, ena anati akunamizira. Zonse ziwiri zinali zolakwika: ankamva, ankayankha ndi manja, ndipo anali ndi mantha aakulu. Uku ndi kukungika kwa minofu kumene kumatchedwa dystonia. Kumagwira kwambiri amuna achinyamata, m'masiku 5 oyamba, makamaka mlingo wa haloperidol ukakwezedwa mofulumira, ndipo kukagwira minofu ya kummero munthu akhoza kubanika. Anabayidwa promethazine 50 mg mu mnofu, ndipo pasanathe theka la ola khosi linamasuka. Haloperidol anabwezedwa pa 5 mg, n'kuwonjezera benzhexol, woteteza ku kukungika kwa minofu, 2 mg kawiri patsiku kwa masabata awiri.

Kukweza mlingo kuja sikukanathandiza. Haloperidol sathetsa mawu m'masiku atatu, ndipo kuwirikiza mlingo sikufulumizitsa. Mawu amachepa pa masabata awiri mpaka 6. Chimene kukwezako kunabweretsa ndi wodwala amene kwa masiku awiri anakana piritsi lililonse, ali ndi umboni watsopano wakuti mankhwalawo ndi poizoni. Benzhexol nayenso amafuna maso awiri m'ndende. Amagulitsidwa pakati pa akaidi chifukwa amaledzeretsa, amachepetsa thukuta m'maselo otentha, ndipo amadzimbitsa. Aziperekedwa kwa nthawi yochepa, wodwala n'kumeza pamaso pa namwino. Ogwira ntchito anaphunzitsidwanso zizindikiro zina ziwiri. Kusakhazikika kwa miyendo, munthu n'kumangoyendayenda osatha kukhala pansi, kumaoneka ngati kulusa koma kumachokera ku mankhwala, ndipo kumakulitsa maganizo odzipha. Kutentha thupi kopitirira 38 pamodzi ndi kuuma minofu thupi lonse, thukuta ndi kusokonezeka, kumafuna kusiya mankhwala nthawi yomweyo ndi kuthamangira kuchipatala chachikulu.

Pa tsiku la 6 anagona maola 7. Pa tsiku la 10 ankadya yekha. Pofika sabata yachinayi ya mankhwala mawu ankamveka kutali, mwa apo ndi apo, ndipo sankamulamulanso. Titamuyeza za kukhumudwa ndi mafunso a PHQ-9 anapeza 8, pansi pa 10 pamene timayamba kuganizira matendawo, ndiye sanapatsidwe mankhwala ena. Zikanafunika, amitriptyline sitikanamupatsa, chifukwa munthu akasonkhanitsa mapiritsi ake n'kumwera pamodzi amaimitsa mtima. Fluoxetine 20 mg ndi wabwinoko, bola kukumbukira kuti amakweza haloperidol m'magazi.

Atabwerera kuselo ya anthu ambiri, osati yakale ija, panabuka vuto la nthawi. Maselo ankatsekedwa dzuwa likanali m'mwamba, ndiye mankhwala "a usiku" ankafunika kuperekedwa masana kapena kusiyidwa m'manja mwa nyapala. Tinasankha kuti azimwa pamaso pa namwino kutangotsala pang'ono kutseka. Masiku a khoti ankanyamuka chipatala chisanatsegulidwe ndi kubwera chitatsekedwa, ndipo anaphonya kawiri tisanakonze zoti namwino wa usiku azimudikira pachipata.

Mawu abweranso

M'sabata ya 16 ankadya bwino koma sikelo inali pa 51 kg. Anayamba kutsokomola ndi kutuluka thukuta usiku. Makhololo atayezedwa ndi makina a GeneXpert anaonetsa TB yomva rifampicin. M'sabata ya 17 anayamba mankhwala a miyezi 6: miyezi iwiri ya rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, kenako miyezi 4 ya rifampicin ndi isoniazid, pamodzi ndi pyridoxine 25 mg patsiku. Khadi la TB linalembedwa m'chipinda china, ndi munthu wina, ndipo haloperidol sanalembedwepo.

Patatha masiku 16 mnzake wa m'selo anabwera kudzanena kuti waimanso pachitseko usiku. Mawu aja anali atabwerera, amuna awiri omwewo.

Panali zifukwa zisanu zoganizira. Choyamba, kuti akubisa piritsi m'tsaya n'kukalavula. Anayang'anidwa m'kamwa atamwa madzi, ndipo iye mwini ankapempha mankhwalawo chifukwa mawuwo ankamuopsa. Chachiwiri, TB yolowa mu ubongo. Analibe mutu wopweteka, sankasanza, khosi linali lofewa, thupi silinkatentha, ndipo sankasokoneza malo kapena nthawi. Chachitatu, chiwindi kuwonongeka ndi mankhwala a TB. Maso sanali achikasu, ndipo magazi a chiwindi anali bwino. Chachinayi, isoniazid, amene mwa kamodzikamodzi amasokoneza mutu payekha. Chachisanu, rifampicin.

Rifampicin amachititsa chiwindi kupanga timichere tambiri tophwanya mankhwala ena. Mphamvuyi imakula pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo haloperidol m'magazi akhoza kutsika kupitirira theka. Munthu amene akumwa 5 mg mokhulupirika amasanduka ngati akumwa kachidutswa chabe. Nthawi inagwirizana ndendende, ndipo zizindikiro zinali zakale zomwe zija, osati zatsopano. Rifampicin amatsitsanso risperidone, choncho kusinthira kumeneko sikukanathetsa vutoli. Kwa odwala amene ali pa dolutegravir, mankhwala a HIV, chifukwa chomwechi ndicho chimachititsa kuti azimwa 50 mg kawiri patsiku. Ogwira ntchito ku TB amazidziwa bwino za ma ARV, koma za mankhwala a maganizo ambiri sanauzidwepo.

Mankhwala a TB sanasiyidwe. Haloperidol anakwezedwa kufika 7.5 mg, ndipo patatha sabata kufika 10 mg. Mlingo womwewo umene unamupinda khosi poyamba tsopano sunamuchite kanthu, umboni wina wakuti wochuluka unkathera m'chiwindi. Tinagwirizana ndi madokotala a TB kuti ngati sasintha m'masabata awiri, isoniazid ndiye aunikidwe. Sizinafike pamenepo, pakuti pa tsiku la 12 mawu anali atachepa. Kuyang'aniridwa pafupipafupi kunabwezeretsedwa kwa masiku 10, ndipo sanayesenso kudzivulaza.

Pali msampha wachiwiri umene umadikira kumapeto. Rifampicin akasiyidwa, chiwindi chimabwerera mwakale pa masabata pafupifupi awiri, ndipo haloperidol wokwezedwa uja amayamba kuchuluka m'magazi. Wodwala amauma thupi, amanjenjemera, amayenda mokhwekhwereza mapazi, pa nthawi imene aliyense akusangalala kuti TB yatha. Chenjezoli linalembedwa ndi inki yofiira pa khadi la TB ndi pa faelo ya maganizo, makadi awiriwo n'kumangidwa pamodzi.

Za khoti

Loya wake anapempha kuti dokotala womuthandiza alembe ngati anali ndi nzeru zokwanira pa nthawi ya mlanduwo. Tinalemba zokhazo zimene tinali nazo umboni, wodwalayo atavomera: matenda, mankhwala, ndi mmene alili tsopano. Kuyeza ngati angathe kuyankha mlandu kunasiyidwira dokotala wina wakunja. Wodwala akadziwa kuti zimene akuuza dokotala wake zikaweruzidwa nazo m'khoti, amasiya kunena zoona za mawu ndi za maganizo odzipha. Masiku oyandikira khoti ankaonedwa dzulo lake ndi tsiku lobwerako, chifukwa nkhani zoipa za mlandu zimadzutsa chiopsezo mwa akaidi a pa limandi.

Kukonzekera kutuluka

Mkaidi wogamulidwa ali ndi tsiku lodziwika lotuluka. Wa pa limandi akhoza kupita kukhoti m'mawa osabwereranso. N'chifukwa chake jekeseni sanadikire kuti TB ithe. Fluphenazine atapezeka kudzera kuchipatala chachikulu chapafupi, m'sabata ya 24 anabayidwa 12.5 mg woyesera, patatha sabata 25 mg, kenako 25 mg pa masabata 4 alionse. Atalandira jekeseni wachitatu, haloperidol anatsitsidwa kufika 7.5 mg, kenako 5 mg, manja ndi kayendedwe zikuyezedwa sabata iliyonse.

Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse la khoti ankanyamuka ndi envelopu. Munali kalata ya tsamba limodzi yotchula matenda onse awiri, mankhwala ndi milingo yake, tsiku la jekeseni womaliza ndi la wotsatira, tsiku lomaliza mankhwala a TB, chenjezo la rifampicin, mbiri ya dystonia ndi ya kuyesa kudzipha, ndi foni ya chipatala cha ndende. Munalinso mapiritsi a masiku 14. Akabwerera, envelopuyo inkalandidwa ndi kukonzedwanso. Inapita n'kubwera katatu. Mlongo wake analinso ndi kalata yofanana, ndipo anaphunzitsidwa zizindikiro zoyamba za mchimwene wakeyo: kusagona mausiku awiri otsatizana, kukana chakudya, kuima pachitseko.

Khama lotereli lili ndi chifukwa. Kafukufuku wa Binswanger ndi anzake wa mu 2007, m'chigawo cha Washington ku United States, anapeza kuti m'masabata awiri oyamba munthu atatuluka m'ndende, chiopsezo chake cha imfa chinali choposa ka 12 poyerekeza ndi anthu ena a m'chigawomo. Mankhwala ozunguza bongo ndiwo ankapha ambiri, ndipo kudzipha kunali m'gulu la zifukwa zikuluzikulu. Lamulo 110 limanena kuti pakhale dongosolo lopitiriza chithandizo cha maganizo munthu akatuluka.

M'sabata ya 33 mlandu wake unathetsedwa ndipo anamasulidwa ali kukhoti komweko, envelopu ili m'manja. Chipatala cha ndende chinamva mawa lake, ndipo namwino anaimbira chipatala chake chakale tsiku lomwelo. Mankhwala a TB sanadukize. Jekeseni woyamba wakunja anachedwa masiku 9 chifukwa analibe chomuyendetsa, ndipo anabwera mlongo wake ataimbiridwa kawiri. Atamaliza mankhwala a TB, wachipatala amene anawerenga chenjezo lofiira lija anatsitsa haloperidol kufika 2.5 mg sabata yomweyo, n'kumusiyitsa patatha mwezi. Miyezi 6 atatuluka anali pa jekeseni yekha, akulemera 58 kg, makhololo alibe TB, mawu sakumveka. Dzanja lamanja linkanjenjemera pang'ono akakhala phee, ndipo achipatalacho anakonza zomuyezanso pa jekeseni wotsatira kuti aone ngati mlingo ungatsitsidwe.